Chitini cha pa Nambala Folo

"Iwe Tikhala, pachumuni pake pali chitini?"

Limeneli ndi funso lomwe a Mateyu Namakhwa anandifunsa mu Juni chaka chino cha 2001, nditangotsika pa kabaza kuchokera m'tauni, yunifolomu ya kwaya ndisanavule n'komwe. Tinapita kumpikisano woimba, tinakhala nambala faifi, ndipo pobwerera abusa anatilowetsa ku miziyamu ina yosungirako magalimoto akale, ngolo ndi mitu ya sitima, ati tioneko zinthu. A Namakhwa anamva za ulendowo, ndiye anandidikirira patsinde pa mtengo wa mapeyala womwe uli pamalire a nyumba yawo ndi yathu, miyendo yawo yotupa ataisanjika pa kampando.

"Chilipo," ndinatero.

Ndinanama. Kuchumuniko sindinayang'aneko. Sitima yomwe ankafunsayo ndinaiona, inde, yobiriwira, yongopaka kumene penti, koma ine maso anali kwa wojambula zithunzi, kuti andijambule ndekha anzanga asanandidzadzire. A Namakhwa anapuma mozama, nati, "Basi, ndigona," ndipo ine ndinalowa m'nyumba osaganizanso za iwo.

Ndinasiya sukulu chaka chatha, dzina langa litasowa pa zotsatira za Fomu 2. Kuyambira pamenepo ndalemba makalata asanu ndi anayi opereka moni pa wailesi, palibe ndi imodzi yomwe imene anawerenga. Nkhani iyi ndikupempha kuti muiwerenge mpaka kumapeto, chifukwa si ya ine.

Kuno kwa Kadewere mukati "a Namakhwa" anthu amayamba afunsa kuti ati. Mukati "a Shanta" ngakhale kamwana kakulozerani. Shanta ndi sitima yaing'ono, mutu wokhawokha, yomwe ntchito yake ndi kukankha ndi kukoka mabogi pabwalo la fakitale, kuwandandalika bwino kuti sitima yaikulu idzangokola n'kumapita. A Namakhwa anabadwira kwa Nchema mu 1938. Agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, atasenza mwana ndi khasu. Iwo sukulu analekeza Sitandade 3, ndipo mu 1960 anapita ku Limbe n'kulembedwa ntchito pa fakitale ina yokonza fodya. Anayamba ndi yolumikiza mabogi, ntchito yoima pakati pa zitsulo ziwiri zikubwera kudzagundana. Dzanja lawo lamanzere lili ndi zala zitatu. Ziwirizo amati anasiya chikole ku Limbe.

Mu 1972 fakitale inagula shanta ya dizilo, yobiriwira, yolembedwa 4 m'mbali. Anthu ankangoti Nambala Folo. Mzungu yemwe anabwera nayo anawaphunzitsa milungu itatu, kenako anawasiyira. Anaiyendetsa zaka makumi awiri ndi zitatu. Njanji yake inali yochokera pa shedi kukafika pageti, mtunda wosakwana pano ndi pamjigo kawiri. Ndiye anyamata kuno amawaseka.

"A Shanta, zaka zonsezo pa sitima, munafika nayo kuti? Ku Beira?"

"Pageti."

"Ngakhale ku Luchenza kokha?"

"Ndati pageti. Koma sitima iliyonse yomwe inafika ku Beira ndi fodya wathu, anaisanja ndine. Inu munasanjapo chiyani, kupatula mabotolo?"

Akazi awo, mayi Ellina, amaitchula sitimayo kuti mkazi wamng'ono. Amati, "Ine ankandionera kumapeto kwa mwezi, mnzangayo tsiku ndi tsiku. Ine sanandipukutepo ndi kansanza ngakhale kamodzi." A Namakhwa amayankha kuti, "Inu simunadonthepo oyilo." Akatero onse awiri amaseka, kapena ndinene kuti ankaseka.

Za chitini zinayamba mu 1983. Pamwamba pa shanta pali chumuni, paipi yoloza kumwamba yotulutsira utsi. Inali ndi kachivundikiro kake komwe kankatseguka kokha injini ikalira n'kutsekeka ikazima. Kachivundikiroko kanathyoka. Anaitanitsa kena kunja, sikanabwere. Ndiye a Namakhwa anatola chitini cha penti chopanda kanthu, ndipo madzulo aliwonse akazimitsa injini ankakwera pamwamba n'kuchivundikira pachumuni, m'mawa n'kuchotsa. Anandifotokozera kangapo, ine ndikumvera ndi khutu limodzi, kuti mvula ikalowa m'paipimo imatsikira mpaka mumtima mwa injini, momwe muli mapisitoni. Madzi akakhala m'menemo nyengo imodzi yokha, dzimbiri limagwira, zitsulo zimamatirirana, ndipo injiniyo sidzatembenukanso ngakhale mutaitana makanika a ku Joni. Amati injini yongoima ndi yogona, koma yolowa madzi ndi maliro.

Fakitale inatsekedwa mu 1995, nthawi ija makampani ankangogwa ngati mango. Tsiku lomaliza a Namakhwa anathira oyilo watsopano, anakhetsa madzi onse, anakwera pamwamba n'kumangirira chitini ndi waya. Chaka chotsatira shantayo inaperekedwa ku miziyamu. Mkulu wina anawauza kuti pa masiku a zikondwerero azidzaitanidwa kukailiza, ana a sukulu amve kulira kwake. Sanaitanidwepo. Koma chaka chilichonse mvula isanayambe ankapalasa njinga mpaka m'tauni kukaona waya uja ngati akadali wolimba, mpaka miyendo inayamba kutupa chaka chatha.

Pakhomo pawo mukanafika mwezi wathawu mukanaona kuti chilichonse choloza kumwamba chili ndi chitini: mizati ya khola la mbuzi, nsanamira za thandala, mpini wa khasu akauimika. Dzanja linazolowera. Kale anthu ankangoti ndi misala ya anthu a kunjanji.

Chithunzi changa chinabwera mochedwa, kumayambiriro kwa Okutobala. Ndinatuluka bwino kwambiri, dzanja lili m'chiuno, nambala 4 ili pambali pa phewa langa. Ndinazungulira nacho mudzi wonse. Pomaliza ndinapita kwa a Shanta, ndikuti amenewa ndiye akondwa kuposa onse.

Anachigwira ndi zala zitatu zija, n'kuchitalikitsa pang'ono ndi maso. Ine ndinkadikira kuti anene za diresi. Iwo ankayang'ana pamwamba pa mutu wanga.

"Tikhala."

"Wawa."

"Ichi n'chiyani?"

Chumuni inali yakuda bii, yopakidwa bwino, kukamwa kuli yasa kuloza kumwamba.

"Unati chilipo."

"Mwina anachotsa nditachoka."

"Chithunzichi anajambula utachoka?"

Sanandikalipire, bola akanatero. Anangoyamba kuwerenga pa zala. "Juni, Julaye, Ogasiti, Seputembala. Miyezi inayi ndikugona tulo ngati munthu. Ukanandiuza Juni, ndikanapita miyendo isanafike apa." Kenako anatembenukira kuphiri la Chiradzulu, komwe mitambo yathu imayambira, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

Mayi Ellina anakana za ulendo. Anati, "Mukufuna mukafere kwa mkazi mnzanga, anthu adzandiseke?" Koma ataona kuti bamboyo asiya kudya, anagulitsa tambala n'kundiitana. "Iwe ndiwe unayambitsa, uwaperekeze. Ukawabweretse amoyo."

Tinanyamuka Lachiwiri m'mawa. Anavala ovolosi yawo yakale yomwe tsopano siitseka pamimba, ndi patapata chifukwa nsapato sizilowa. M'jumbo munali chitini, waya ndi pulayala. Wakabaza anachita kuwanyamula powakweza. M'minibasi kondakitala anati, "Madala, chitini chopanda kanthu mpaka m'tauni? Kumeneko zilikotu zambiri." Iwo anangochikumbatira.

Pageti pa miziyamu tinapeza mlonda, Che Halidi, bambo wamtali wa chipewa choluka. Anawazindikira nthawi yomweyo.

"A Shanta! Chaka chatha simunaoneke, ndinati mwina mwatisiya."

"Ndikanakusiyani mukanamva. Chitini changa chili kuti, Che Halidi?"

Mlondayo anakanda m'mutu. "Opaka penti anachotsa. Ine ndinanena, ndithu ndinanena, kuti mwini wake adzafunsa. Abwana anati alendo akujambula zithunzi, ndiye chikuoneka ngati takolekapo zinyalala."

Abwanawo anali munthu wachinyamata, waulemu ndithu. Anatipatsa mipando, anamvetsera mpaka a Namakhwa anamaliza. Kenako anati, "Bambo, ndakumvani, ndipo tikuthokoza chifukwa cha ntchito yanu. Koma sitima ija sidzayendanso. Ndi yongoonetsa. Chinthu chilichonse chowonjezera pa icho chimafunika chilolezo cha komiti. Lembani kalata."

"Komiti ikumana liti?"

"Mwina Januwale."

"Mvula ikudziwa zimenezo?"

Abwana anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala. Kenako anaona nkhope yawo n'kusiya.

Nthawi ya nkhomaliro abwana atatuluka, a Namakhwa anamugwira mkono Che Halidi. "Chimodzi chokha. Ndingoimva ngati ili moyo. Ngati yafa kale, ndipita kwathu, simudzandionanso." Che Halidi anayang'ana uku ndi uku, nati, "Mundichotsetsa ntchito inu," koma anakatenga kiyi.

Anatsegula kachitseko ka m'mbali. Munatuluka fungo la oyilo wakale ndi ndowe za abuluzi. A Namakhwa analowetsa dzanja mumdima osayang'ana n'komwe, n'kutulutsa chitsulo chachitali chomwe anachibisa okha kuseri kwa thanki mu 1995. Anachilowetsa pa kabowo ka chigudumu chachikulu cha injini, n'kukoka. Sichinasunthe. Anakokanso mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Ayi ndithu.

"Yagwira," anatero Che Halidi motsitsa mawu.

"Wagwira ndine. Bwerani kuno nonse. Iwe Tikhala, gwira kunsongaku. Osachita kugwedeza, kokani pang'onopang'ono ngati mukudzutsa wodwala."

Tinakoka atatu. Dzuwa linali likuswa mtengo, thukuta likulowa m'maso. Mwadzidzidzi chitsulo chinatsika, ndipo m'kati mwa sitima munamveka kupuma, fuuu, ngati ng'ombe ikamagona pansi. Mpweyawo unatulukira kuchumuni pamodzi ndi timasamba touma.

"Ili moyo," anatero a Namakhwa. Anabwerezanso, "Ili moyo, Che Halidi," ndipo misozi inatsika. Ine ndinkayesa kuti akondwa. Pambuyo pake ndi pomwe ndinazindikira kuti zikanawapepukira akanaipeza itafa.

Tisanadziwe chomwe chikuchitika, anali atatenga chitini n'kuponda pa sitepe yoyamba. Anafika yachiwiri. Pa yachitatu mwendo unakana, patapata inaterereka, ndipo anagwa chagada pa miyala ya njanji. Chitini chinagubuduzika mpaka pamapazi pa abwana, omwe anali akulowa kumene pageti.

Sindinena zambiri za zomwe zinatsatira. Abwana anachita mantha kuposa kukwiya. Anatipezera galimoto mpaka pa siteji, koma chitini anachisunga, ndipo ndinamva akuuza Che Halidi kuti kachitseko kaja akakhome ndi loko wina. Ku chipatala cha kwa Milepa anati fupa la m'chiuno silinathyoke koma lang'aluka, agone. Kuyambira tsiku limenelo a Namakhwa sanaimirirepo okha.

Kalata ndinalemba. Ndinailemba m'Chingerezi, masamba atatu, ndi mawu akuluakulu omwe ndinachita kufufuza m'dikishonale ya aphunzitsi, ndipo dzina langa ndinalilemba kawiri, pamwamba ndi pansi. Ndikaikumbuka ndimachita manyazi, chifukwa za chitini zinali pa tsamba lachitatu. Yankho silinabwere.

Tsopano mumvetse mmene zinthu zilili kuno. Chaka chino sitinakolole. Madzi anachuluka, chimanga chinaola m'munda, ndipo pofika Okutobala mabanja ambiri anali akudya kamodzi, ena mango owiritsa ndi gaga. Mizere anthu anaunga kalekale. Mbewu yomwe yatsala aibisa kudenga kuti ana asakazinge. Aliyense akadzuka amayang'ana kuphiri, kudikira mvula.

A Namakhwa nawonso amayang'ana kuphiri. Amawagoneka pakhonde chifukwa m'nyumba mumatentha. Mitambo ikayamba kuda, iwo amadzutsa mutu n'kuyamba kulankhula nayo mokweza, poti makutu awo anagontha ndi injini ndipo sadziwa kunong'ona. "Dikira. Dikira pang'ono, usagwe. Sabata imodzi yokha." Kawiri konse mitambo inasonkhana, kunachita mdima, mphepo inanunkhira dothi, kenako zonse zinabalalika. Njira yopita kumjigo imadutsa pakhomo pawo.

Ndinazimva ndekha ndili pamzere wotunga madzi.

"Mwawamva a Shanta? Akuiuza mvula kuti idikire."

"Ndipo ikumveratu."

"Nanga zitini zonse zija n'zachiyani? Munthu n'kuvundikira mitengo? Akuvundikira kumwamba ameneuja."

"Ndi za sitima," ndinatero ine. "Akudandaula sitima yawo ya m'tauni, kuti ingalowe madzi."

Anaseka mpaka wina anatula ndowa. "Iwe mwana wa sukulu yolephera, sitima ili m'tauni, mvula akuimanga kwa Kadewere? Ana athu adya sitimayo?"

Lamlungu lapitali anyamata anayi anabwera masana, anthu akuchokera kutchalitchi. Anazula zitini zonse, pakhola, pathandala, n'kuzipondaponda pabwalo. Mmodzi anaima pafupi ndi mphasa ya a Namakhwa nati, "Madala, ikapanda kugwa sabata ino, tibweranso. Ulendo umenewo sitidzaponda zitini." Enafe tinangoima. Ena mwa anyamatawo ndinkaimba nawo kwaya.

A Namakhwa sanaoneke kuti amva. Anandikodola n'kundifunsa ngati kalata yayankhidwa.

Tsiku lotsatira mayi Ellina anandipeza ndikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba yathu. Anakhala pansi osadikira mphasa. Maso anali ofiira.

"Tikhala mwanawe, ndawachonderera, ndawakalipira, ndawatsekera m'nyumba, akungofuulira pawindo. Atiphera munthu anthu awa. Ukawauze kuti wakumana ndi Che Halidi pamsika, ndipo wati chitini abwezeretsa. Akamva zimenezo asiya, ayamba kupempha mvula ngati anzawo."

"Amayi, ndikaname?"

"Unanamapo kale popanda chifukwa. Lero chifukwa chilipo, ukuchita manyazi?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinasamba m'manja n'kuwatsatira. M'njira ndinakonza bodza lonse bwinobwino, mpaka malaya omwe Che Halidi anavala.

Tinawapeza pakhonde, atatsamira thumba la makaka. Aonda, kupatula miyendo. Pabwalo panali pakadali zitini zophwanyika zija, ndipo chimodzi anali atachikokera pafupi, akuyesa kuchiwongola ndi mwala. Atandiona anasiya.

"Iwe Tikhala, pachumuni pake pali chitini?"

Mawu omwe aja, ngati Juni sanathe. Mayi Ellina anandiponda chala. Ndinayang'ana dzanja la zala zitatu lili pa chitini chophwanyika, ndipo ndinaganiza kuti ndikanena kuti chilipo, mvula igwa, iwo aziimvera padenga akumwetulira, pamene kutauniko madzi akutsikira m'paipi. Ndinali nditaimva ndi makutu anga ikupuma.

"Palibe," ndinatero.

Mayi Ellina anagwira kumutu n'kulowa m'nyumba. Ndinawamva akulira, ndipo mpaka lero sakundiyankha moni. Mwina akulondola. Ngati anyamata aja abwera, mlandu udzakhala wanga.

A Namakhwa anangogwedeza mutu. "Ndimadziwa. Ukanati chilipo ndikanakufunsa chithunzi." Kenako anati, "Abwana aja sadana ndi chitini. Amadana ndi kuoneka kwake."

"Nanga chitakhala chakuda ngati chumuniyo?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba chigwereni, ndikutanthauza kuyang'ana ine, osati pamwamba pa mutu wanga. Anatenga kamtengo n'kujambula pansi kukula kwa paipiyo, osayeza, ndipo anandiuza kuti waya azungulire kawiri, mfundo ikhale kumbali ya mpanda komwe alendo saima.

Dzulo ndinapita kwa a Mathero, okhoma zidebe pamsika wa kwa Milepa, nditanyamula ulusi womwe ndinayezera chojambula chija. Andikhomera chivundikiro cha lata chokhala ngati chipewa, ndipo tachipaka penti yakuda ya njinga. Chikuuma padenga la khitchini yathu. Kuphiri kwachita bii kuyambira m'mawa, ndipo ndikulemba pano ndikuwamva a Shanta pakhonde pawo akuti dikira, dikira.

Mawa ndikwera kabaza woyamba. Sindikalowa mu ofesi, sindikalembanso kalata. Ndikamupempha Che Halidi kuti akayang'ane kwina kwa mphindi zisanu, ndipo akakana ndikakwera akuona, masitepe ake ndi atatu okha, ine miyendo yanga ndi yabwino. Akafuna kundigwira akandigwire chitakhala kale pamwamba. Kenako ndikafuna wojambula uja, ndikakhala pakhomo pake mpaka atatsuka chithunzicho tsiku lomwelo, kuti ndibwere nacho sabata isanathe. Ndikamuuza kuti aloze kamera kuchumuni, ine ndikaima kumbuyo kwake.